Pa njinga zamoto m'zigwembe za pakati pa Salima, Ntchisi ndi Nkhotakota

Lolemba, Salima

Lero matayala sanaponde fumbi la kutchire. Tsiku lonse lathera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kagalaja ka pa Kamuzu Road, njinga zili pa mzere, zipangizo zili pa chiguduli. Okwera tilipo anayi, kuphatikizapo achimwene otitsogolera amene aziyenda patsogolo, ndi amakaniko amene azitsalira kumbuyo kwa tonse. Njinga zake ndi zomwe alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo amayendera kumidzi: Yamaha DT 125, Yamaha AG 200 ndi Honda XL 125. Otitsogolera salola njinga zikuluzikulu pa ulendo uno, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Njinga yopitirira makilogalamu 200 ikagwa m'chigwembe ngakhale anthu awiri amavutika kuidzutsa, pomwe izi munthu mmodzi amaimitsa yekha, komanso pulagi, kebulo ndi chubu zake zimapezeka m'mashopu a pa boma.

Kuyendera njinga kumayambira pa mawilo. Sipoko iliyonse imagogodedwa ndi sipanala: yolimba imalira mokweza, yokhwefuka imalira mogontha, ndipo ikasiyidwa choncho imadula zinzake pa miyala. Tcheni chisakokedwe kwambiri ngati cha njinga ya pa tala. Chizisewera masentimita 3 mpaka 4 mukachikankha ndi chala pakatikati, chifukwa shoko yakumbuyo ikapanikizika tcheni chimakungika chokha, ndiye chikakhala chokungika kale chimaduka kapena kudya mabering'i. Sipuloketi ya mano opindika isinthidwe pano pa tauni. Pa DT, thanki ya oyilo wa 2T, amene amapsera limodzi ndi petulo, idzazidwe, pakuti injini imeneyi oyilo ameneyu akatha pisitoni imagwira. Amakaniko amasulanso pang'ono mabawuti ogwira zogwirira za kilatchi ndi buleki, kuti njinga ikagwa zizingotembenuka pa handulo m'malo mothyoka. Kebulo yatsopano ya kilatchi ayimangirira limodzi ndi yakale, kuti yakaleyo ikaduka kungotsala kukoleka nsonga ziwiri.

Katundu wa gulu ndi uyu: machubu awiri a wilo lakutsogolo la mainchesi 21, timiphini titatu totsegulira tayala, zigamba ndi guluu wake, pampu ya manja ndi geji, mapulagi, joini ya tcheni, waya, malegeni ambiri, chingwe cha mamita 5 chokokera njinga, ndi malita awiri a oyilo wa injini. Chubu cha 21 chimalowa ngakhale m'tayala lakumbuyo la 18 pakavuta, n'kukufikitsani pa boma, koma cha 18 sichingalowe kutsogolo. Aliyense atenge malita atatu a madzi akumwa, timapaketi ta Thanzi ORS, ndi ndalama zing'onozing'ono m'thumba, chifukwa m'zigwa netiweki imasowa ndipo Mpamba kapena Airtel Money sizithandiza. Laisensi, inshuwalansi ndi mapepala a njinga zikhale m'pulasitiki m'thumba la pachifuwa, popeza pa M5 pali marodibuloko.

Madzulo tinaima pa mzere wa petulo kwa nthawi ndithu. Tadzaza matanki ndi zigubu ziwiri za malita 5. Pa tala njinga zotere zimayenda makilomita 30 kapena kuposa pa lita, koma m'mchenga ndi m'zitunda, pa giya wani ndi thuu, muziwerengera 20.

Lachiwiri, kumadzulo kwa Salima

Tinanyamuka dzuwa lisanatuluke, kulowera kumapiri a mbali ya ku Thuma. Titangosiya tala tinaima kuphwetsa matayala. Pa tala amakhala pa 28 psi pa geji yoyezera mphepo, pa msewu wa dothi ndi miyala timatsitsa kufika 20 mpaka 22, ndipo pa mchenga wokhawokha mutha kufika 16. Kutsika kuposa pamenepo pa njinga yopanda chogwirira tayala ku limu n'koopsa, chifukwa tayala limazungulira pa limu n'kudzula valavu. Chenjezo lake limaoneka msanga: valavu imayamba kupendekeka. N'chifukwa chake kanati ka pa valavu sikamangidwa mpaka ku limu.

Chigwa cha Salima chili ndi dothi la mitundu iwiri lovutitsa njinga. Loyamba ndi mchenga wa m'mitsinje youma. Pamenepa imirirani pa zopondera, kokerani thupi kumbuyo, ikani giya thuu, ndipo moto usadukizedwe. Handulo izigwedezeka ndithu, ilekeni, musalimbane nayo. Munthu akachita mantha n'kutseka moto, tayala lakutsogolo limamira ndipo amagwa pomwepo. Maso ayang'ane kutsidya kumene mukupita, osati pa tayala. Lachiwiri ndi makande. Mwezi uno wa Ogasiti ndi ouma, ong'aluka, ndipo ngolo za ng'ombe zinasiyamo mikwasa yozama nthawi ya dzinja. Mukalowa m'mkwasa khalani momwemo mpaka uthe, chifukwa kuyesa kutulukamo chopingasa kumagwetsa. Nthawi ya mvula njira zimenezi n'zosayesa n'komwe: makande amamatirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka wilo kuleka kuzungulira.

Malamulo a gulu ndi ochepa koma otitsogolera sasekerera wowaphwanya. Pa fumbi pakhale mamita 100 pakati pa njinga ndi inzake. Pa mphambano iliyonse munthu amadikira mpaka wa m'mbuyo mwake amuone kumene walowera. M'mudzi timayenda pa giya thuu mopanda phokoso, chifukwa amayi ayanika ufa pa mphasa, ndipo ana ndi mbuzi amatulukira paliponse. Pamudzi wina tinapeza masamba atayalidwa pa msewu, tonse tinazimitsa injini, kuvula zisoti, n'kukankha njinga mpaka kupitirira masamba a mbali inayo. Abambo amene anakhala pansi pa mtengo anatiyankha ndi manja, ndipo mmodzi anadzuka kudzatiuza kuti mlatho wa mitengo wa kutsogolo unawola, tidzere kumunsi kwa dimba. Uthenga ngati umenewu pa mapu a m'foni mulibe.

M'nkhalango ya Thuma muli njovu, ndipo sitinalowemo. Tinangotsata njira za anthu m'mphepete, kukwera ndi kutsika timakwawa ta miyala kuti manja azolowere. Masana tadya chinangwa chophika ndi tiyi pa kamsika, K1,500 munthu mmodzi. Tagona m'mbali mwa M5 cha ku Khombedza. Mikono ikuwawa kwambiri, makamaka pakati pa chigongono ndi dzanja. Kuwawa kumeneku kumabwera munthu akamafinya handulo, pomwe njinga imayenera kugwidwa ndi mawondo.

Lachitatu, kuchokera ku Benga kudzera ku Mwansambo

M'mawa tinapopanso matayala chifukwa cha tala wa ku Benga, n'kuphwetsanso titakhotera kumadzulo. Ndi ntchito yotopetsa ndi pampu ya manja, koma tayala lofewa pa tala limatentha n'kuwononga chubu.

Nyanja ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe dziko la Ntchisi lili pamwamba pa mamita 1,000. Kusiyana kumeneku ndi kumene kunapanga zigwembe zonsezi: mitsinje yochokera kumtunda imathamanga potsika, n'kumadula mapiri. Msewu waukulu umazungulira, koma tinjira ta anthu opita ku minda ndi ku misika timangolunjika, ndipo ndi timeneti tikutsata.

Chitunda chachitali chimafuna kusankha giya musanachiyambe, chifukwa kusintha giya pakati pa miyala yogubuduzika kumadula liwiro. Imirirani, chifuwa chiyandikire handulo kuti wilo lakutsogolo lisadzuke, koma osachotseratu kulemera kumbuyo, apo ayi tayala limangopala. Injini ikayamba kufooka, finyani kilatchi pang'ono ndi zala ziwiri kuti ipezenso mphamvu, kenako n'kuisiya. Kukhalitsa pa theka la kilatchi kumapsereza mbale zake, ndipo mudzamva fungo lake musanafike pamwamba. Njinga ikazima pakati pa chitunda, musafinye kilatchi. Isiyeni m'giya, injini yozimayo ndiyo ikugwira wilo lakumbuyo, pakuti buleki yakutsogolo yokha pa dothi lotsetsereka singagwire, njinga imabwerera chambuyo tayala lili chiimire. Tsikirani mbali ya kumtunda, tembenuzani handulo, ibwezeni pang'onopang'ono pofinya ndi kusiya kilatchi mpaka ipingase, kenako muilozetse kumunsi, mukayambirenso pansi.

Cha m'ma 11 koloko tayala lakumbuyo la XL linaphwa. Titatulutsa chubu tinapeza mabowo awiri oyandikana ngati mano a njoka. Si munga umenewo. Zimachitika tayala likamenya mwala wakuthwa mwamphamvu, chubu n'kupanikizika pakati pa limu ndi mwala. Mankhwala ake ndi kuwonjezera mphepo pang'ono ku miyala ndi kuimirira kuti miyendo ilandire kugundako. Munga wa mthethe umasiya bowo limodzi, ndipo musanabwezere chubu muyendetse chala mosamala m'kati monse mwa tayala, chifukwa nsonga yake imatsalira momwemo. Guluu wathu anali ataumira m'kachubu kosungiramo chifukwa cha kutentha. Mnyamata wina amene amadutsa ndi thumba la chimanga pa njinga yakapalasa anatsitsa katundu wake, n'kupalasa kubwerera kumudzi kukaitana bambo wokonza njinga. Bamboyo anabwera ndi guluu, anapala chubu ndi kachitsulo, napaka, nadikira mpaka guluuyo atasiya kunyezimira asanaike chigamba. Pamenepa ndi pomwe ambiri amalakwitsa pothamangira. Atafunsidwa mtengo anati, "Achimwene, ndinu alendo, mungondipatsa ya sopo." Tinawapatsa K3,000, ndipo mnyamatayo anakana kulandira kanthu mpaka otitsogolera atamuumiriza.

Pobwezera tayala, ikani mphepo pang'ono m'chubu kuti chisapindike, pakani sopo m'mphepete mwa tayala, ndipo mbali imene yalowa kale muikankhire pakati pa limu pomwe pali pozama. Mukapanda kutero mphini imatsina chubu, ntchito n'kuyambiranso.

Madzulo tinakumana ndi Gule Wamkulu akutuluka m'kankhalango. Ino ndi nyengo yake, anthu akolola. Otitsogolera anakweza dzanja, tonse tinapatukira m'mbali n'kuzimitsa injini, iwo anaponya kandalama pansi, gule n'kudutsa. Anatikumbutsanso kuti kankhalango kowirira pafupi ndi mudzi kuno kawirikawiri ndi manda, ndipo kanjira kolowa mmenemo si ka mlendo, ngakhale kataoneka kachidule chotani.

Tagona pamudzi wina kumtunda, titakaonekera kaye kwa amfumu. Atipatsa khonde la nyumba ya mphwawo ndi malo oimika njinga pafupi ndi khola. Nsima ya mgaiwa, nyemba ndi mpiru wotendera. Kuno kukuzizira moti majekete tagona nawo.

Lachinayi, m'chigwembe

Usiku tulo sitinabwere bwino, mtima unali pa mtsetse wa lero. Kukwera kumatopetsa, koma kumene anthu amavulala kwenikweni ndi potsika.

Tisanayambe, otitsogolera anatiuza kuti tisiye njinga pamwamba, titsike wapansi mpaka pa khona yachitatu kukaona njira. Kanjirako n'kopapatiza, phiri kumanzere, phompho kumanja, pansi pali timiyala tosalala pamwamba pa thanthwe. Tinachotsa miyala ingapo ikuluikulu ndi manja, ndipo anatisonyeza malo awiri athyathyathya pomwe munthu angaime. M'mbali mwa kanjirako muli chitedze chouma cholendewera, choncho malaya a manja aatali, magolovesi ndi kansalu ka pakhosi zisavulidwe ngakhale kutenthe. Chikakugwerani musakande, ubweya wake umangolowerera.

Kutsika kumayenda motere. Munthu mmodzi pa nthawi imodzi, wina asayambe mnzake asanaimbe hutala pansi. Giya wani, kilatchi osaikhudza, kuti injini izikugwirani. Thupi kumbuyo, mikono yopindika pang'ono, mawondo atapana thanki. Buleki yakutsogolo ndiyo ili ndi mphamvu potsika, popeza kulemera konse kuli kutsogolo, koma imafinyidwa pang'onopang'ono ndi chala chimodzi kapena ziwiri, wilo lili lowongoka. Mukafika pa khona kapena pa mwala woti mukwere, isiyeni, mukaigwirenso mutadutsa. Yakumbuyo ikangopondedwa kwambiri wilo limakhoma, njinga n'kuyamba kutsetsereka chammbali. Ikatero nyamulani phazi pang'ono kuti wilo lizungulirenso. Pa DT injini sigwira kwambiri monga pa AG kapena XL, choncho mabuleki amagwira ntchito yambiri. Mabuleki a ng'oma akatentha amafooka, chopondera chimapita pansi koma njinga osaima. N'chifukwa chake malo awiri aja tinaimapo mphindi khumi khumi, ndipo osathira madzi pa ng'oma yotentha, imapindika.

Pa khona yachiwiri miyendo inkanjenjemera pa zopondera, ndipo diso linkafuna kuyang'ana kuphompho. Njinga imapita kumene maso akuyang'ana, ndiye pamafunika kudziumiriza kuyang'ana khoma la phiri ndi kanjira kutsogolo. Mmodzi wa ife anasankha kutsika n'kuyenda nayo pambali, injini yozima, ili m'giya, akugwiritsa kilatchi ngati buleki yakumbuyo. Palibe anamunena, ndipo otitsogolera anati ndiyo njira yoyenera kwa aliyense amene mtima wakana.

Pansi pa chigwembe pali mtsinje, madzi oyera, ozizira. Otitsogolera analowamo kaye wapansi ndi ndodo. Amayang'ana zinthu zitatu: kuya kwake, chimene chili pansi, ndi potulukira kutsidya. Madzi asafike pa bokosi la sefa ya mpweya, limene pa njinga izi lili pansi pa chishalo. Kunena mosavuta, akapitirira mawondo, njinga imazimitsidwa n'kuwolotsedwa ndi anthu awiri. Malo amene madzi akuchita timafunde ndi osaya ndipo pansi pake pali timiyala, pomwe pamene pali bata pamakhala pozama kapena pa matope. Injini yotentha kwambiri idikire kaye pang'ono. Polowa, giya wani, moto wosasintha, molunjika kumunsi pang'ono motsata madzi, ndipo mukaona kuti mukugwa zimitsani injini musanafike m'madzi.

AG inaterereka pa mwala wa ndere n'kugona chammbali injini ikulira. Apa lamulo lalikulu ndi loti musayese kuiliza. Madzi safinyika, ndiye akakhala pamwamba pa pisitoni inu n'kuponda kiki mwamphamvu, kondirodi, chitsulo chogwira pisitoni, imapindika, ulendo n'kuthera pomwepo. Amakaniko anatseka petulo, tinaikankhira pa mchenga. Anachotsa chishalo, natulutsa sefa n'kuifinya, napukuta bokosi lake. Anamasula pulagi. Anthu atatu tinaimiritsa njinga pa wilo lakumbuyo kuti madzi a m'ekizosi atuluke. Kenako anaponda kiki kambirimbiri pulagi ili kunja, madzi akufwamphuka pa bowo, mpaka kunayamba kutuluka mpweya wokha. Anamasula kasikulu ka pansi pa kabuleta kuti madzi ndi petulo wosakanikirana atsike, naika pulagi yatsopano ya mpata wa 0.6 mpaka 0.7 mm. Oyilo atamuyang'ana anali atasanduka woyererako, chizindikiro choti madzi alowa. Tinamukhuthulira m'chigubu chopanda kanthu, osati pansi, chifukwa kumunsi anthu amamwa madzi omwewa, n'kuthira watsopano. Inalira pa kiki yachisanu ndi chimodzi, ikutulutsa nthunzi yoyera kwa kanthawi. Ntchito yonse inatenga pafupifupi maola awiri.

Amayi awiri amene amachapa kumtunda anatibweretsera nthochi ndi mbatata yootcha osapemphedwa. Mmodzi anati, "Ana anga, mukanadzera apo pamene timawolokera ife ndi mitolo pamutu, ndere palibe." Otitsogolera anapita nawo kukaona malowo, ndipo njinga zotsala zinawolokera pamenepo bwinobwino.

Mukatuluka m'madzi mabuleki a ng'oma sagwira. Yendani mamita 200 mutawapondereza pang'ono kuti aume, musanakumane ndi mtsetse wina.

Petulo anachepa madzulo, tinagula wa m'mabotolo pa kamsika, mtengo wake pafupifupi kuwirikiza kawiri wa pa pampu. Musanathire muimike botolo padzuwa: madzi amakhala pansi ngati kadontho koonekera. Thirani kudzera pa kansalu koyera, ndipo ngati akununkha palafini musiyeni, amatenthetsa injini ndi kudetsa pulagi.

Lachisanu, m'mphepete mwa nkhalango ya Nkhotakota

Thupi lonse likuwawa, ndipo m'mawa panalibe wolankhula zambiri. Tinayamba ndi masefa. Pa fumbi la gulu sefa ya siponji imatsukidwa tsiku lililonse kapena pakapita awiri: m'palafini, kufinya osapotokola, kuumitsa, kupaka oyilo pang'ono mpaka yonse inyowe, n'kufinyanso wotsalayo. Sefa youma imalowetsa fumbi limene limadya maring'i a pisitoni, ndipo yothiridwa oyilo wambiri imatsamwitsa injini.

Njira ya lero inatsata midzi ya kunja kwa mpanda wa magetsi. Nkhalangoyi ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi boma. Mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Munthu wa pa njinga yamoto alibe chomutchinga akakumana ndi njovu pa kanjira kopapatiza, ndipo kutembenuza njinga pamalo otere kumatenga nthawi imene njovuyo singakupatseni. Choncho zigwembe za mtsinje wa Bua, kumene nsomba za mpasa zimakwera kukaswana, n'zokaona ndi alonda a nkhalango polowera pa geti, osati pa ulendo ngati uno.

Chovuta china kuno ndi kashembe. Ntchentche zimenezi zimatsata chinthu choyenda, zimakonda mtundu wa buluu ndi wakuda, ndipo zimaluma ngakhale kudzera pa malaya opyapyala. Zovala za khaki zokhuthala n'zimene zimathandiza, ndipo poima sankhani poyera, osati pa mthunzi wa tchire lowirira. Nkhotakota ndi limodzi mwa maboma amene matenda a kaodzera amapezeka. Amene walumidwa, pakapita masiku n'kuona chotupa pamalopo, kutentha thupi ndi mutu, apite kuchipatala ndipo anene kumene anayenda, chifukwa poyamba matendawa amafanana ndi malungo.

Masana tinakumana ndi moto wolusa ukudutsa njira. Tinabwerera pambuyo mpaka pa munda wolimidwa n'kudikira pafupifupi ola. Kudutsa mu utsi ndi zigubu za petulo kumbuyo n'kosayenera ngakhale malawi ataoneka aafupi, popeza mwera umatembenuza moto mwadzidzidzi.

Pamene minda ya chinangwa ndi madambo a mpunga anayamba kuoneka, kutentha kwa kunyanja kunatilandira. Tafika pa boma la Nkhotakota dzuwa likupendeka. Mpunga wa kilombero ndi batala wootcha, K7,000 mbale. Amayi a pa malo ogona atatiyang'ana fumbi anangotenthetsa madzi osafunsa, natipatsanso beseni loviikamo magolovesi.

Loweruka, pa M5 kubwerera ku Salima

AG yathiridwanso oyilo wina m'mawa uno, chifukwa kusintha kamodzi sikuchotsa madzi onse. Matayala abwerera pa 28 psi, matcheni atsukidwa ndi palafini n'kupakidwa oyilo, masipoko agogodedwanso ndipo atatu a XL anafunika kumanga.

Kuchokera pano kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 110. Ambiri amamasuka akaona tala, komatu kutopa kwa sabata yonse kumatulukira pompa. Msewuwu tinaupeza wopapatiza m'malo ambiri, m'mphepete mwake muli modyeka, ndipo malole a shuga ochokera ku Dwangwa sapatuka. Mwera umawomba kuchokera kutsogolo chakumanzere, ndipo lole ikadutsa mphepo imakukankhani kawiri. Matayala a mano sagwira bwino pa tala, choncho sitinapitirire 70 km pa ola.

Pa mlatho wa Chia tinaima kugula chambo chouma, n'kuchikulunga m'nyuzipepala kutali ndi zigubu za petulo. Ku galaja ya ku Salima amakaniko alemba zoti zisinthidwe njinga zisanatulukenso: chubu cha XL chochita zigamba chija, nsapato za buleki yakumbuyo ya DT zimene zatha, girizi wa m'mabering'i a mawilo onse amene analowa m'madzi, ndi guluu watsopano wosatsegula.